Urea ndi Mafuta a Mbewu: Phunziro la Alangizi a ku Mashonaland

1. Mawu oyamba

Mwa feteleza wouma yense amene mlimi amagula, urea ndiye ali ndi nayitirojeni wochuluka koposa. Ndi yemweyonso amene amathandiza ng'ombe kupindula ndi udzu wouma m'chilimwe. Vuto lake ndi lakuti amafulumira. M'munda amatha kusanduka mpweya n'kuuluka chimanga chisanadyeko. M'mimba mwa ng'ombe amatulutsa amoniya mwaliwiro, kotero kuti chiweto chonenepa bwino chikhoza kufa tsiku lomwelo.

Kaamba ka ichi anthu akhala akufunafuna njira zomuchedwetsera, ndipo imene imabwera msanga m'maganizo ndi yomusakaniza ndi mafuta, popeza mafuta ndi madzi sizigwirizana. Mlangizi akhoza kufunsidwa ndi mlimi ngati urea wopakidwa mafuta a mpendadzuwa, kapena wosakanizidwa ndi keke ya thonje, amaleka kukhala woopsa. Akhozanso kuonetsedwa thumba lolembedwa kuti urea wa m'katimo amatuluka pang'onopang'ono chifukwa muli mafuta.

Phunziro lino likufotokoza chimene chimachitika urea akakumana ndi mafuta, njira imene akatswiri amayezera zimenezi ndi kutentha, ndiponso malangizo amene amachokera pa kuyezako. Mfundo yake yaikulu ndi iyi: urea amagwiranadi ndi mitundu ina ya mafuta, koma mafuta ophikira sali m'gulu limenelo, ndipo ngakhale pamene wagwirana nawo, madzi amamumasula. Motero malamulo onse osamalira urea sasintha.

2. Chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza Mashonaland

Zigawo zitatu za Mashonaland m'dziko la Zimbabwe zimatulutsa chimanga, soya, fodya ndi tirigu wambiri. Malo ngati Mazowe, Bindura, Banket, Chinhoyi ndi Marondera ali m'dera la ulimi lotchedwa Natural Region II, limene limalandira mvula ya pakati pa mamilimita 750 ndi 1,000 pa chaka. Kuyambira nthawi ya atsamunda, ambiri mwa antchito a m'mapulazi a kumeneko anali ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, ndipo ana awo ndi adzukulu awo ambiri akadali komweko. Kugawidwa kwa minda kumene kunayamba mu 2000 kunabweretsa alimi atsopano a minda ya A1 ndi A2. Pakati pa anthu amene amathira feteleza ndi kusakaniza chakudya cha ziweto m'maderawa pali ambiri olankhula Chichewa.

Feteleza wobereketsa amene alimi a ku Zimbabwe anazolowera ndi ammonium nitrate, wodziwika kuti AN, amene fakitale ya Sable Chemicals pafupi ndi Kwekwe inayamba kupanga mu 1969. Urea amachokera kunja kwa dzikolo, ndipo mlimi wozolowera AN amalakwitsa mosavuta akamugwiritsa ntchito ngati kuti ndi feteleza mmodzimodzi.

Kumbali ya ziweto, kuyambira mwezi wa May kufikira October udzu wa kutchire umauma ndipo mapuloteni ake amatsika kupitirira magawo 7 pa 100 alionse, mlingo umene tizilombo ta m'chifu cha ng'ombe timafuna kuti tigaye chakudya bwino. M'zaka za m'ma 1960, R. C. Elliott ndi J. H. Topps anafufuza m'dziko lomweli kuchuluka kwa mapuloteni amene ng'ombe za mu Africa zimafuna. Malo a kafukufuku a Henderson ku Mazowe ndi Grasslands ku Marondera akhala akugwira ntchito pa nkhani ya msipu ndi chakudya cha ziweto kwa zaka zambiri. Chilala cha 1991/92, chimene chinapha ng'ombe zoposa miliyoni imodzi m'Zimbabwe, chinasonyeza kufunika kwa chakudya choonjezera. Choncho urea, molasesi wochokera ku minda ya nzimbe ya Triangle ndi Hippo Valley, keke ya thonje ndi soya zimakumana kawirikawiri m'shedi imodzi.

3. Chikhalidwe cha urea

Urea anapangidwa koyamba m'chipinda choyezera zinthu ndi Friedrich Wöhler wa ku Germany mu 1828. Ali ndi nayitirojeni wokwana magawo 46 pa 100, pamene AN ali ndi magawo 34.5. Thumba la makilogalamu 50 la urea lili ndi makilogalamu 23 a nayitirojeni, ndipo la AN lili ndi makilogalamu 17.25. Ndiye kuti matumba 3 a urea ndi ofanana ndi matumba 4 a AN, pakuti mbali zonse ziwiri zimapereka makilogalamu 69.

Urea woyera amasungunuka ndi kutentha pa madigiri pafupifupi 133 °C. Akapitirizabe kutenthedwa amayamba kuphwanyika, natulutsa amoniya, ndipo mbali ina imasanduka mankhwala otchedwa biuret. M'madzi amasungunuka mosavuta kwambiri: lita imodzi ya madzi imatha kusungunula urea wokwana pafupifupi kilogalamu imodzi.

M'nthaka ndi m'chifu cha ng'ombe muli urease, chinthu chimene chimafulumizitsa kuphwanyika kwa urea kuti asanduke amoniya ndi mpweya wa carbon dioxide. James Sumner wa ku America ndiye anayamba kumupatula ali woyera mu 1926, kuchokera ku nyemba za jack bean. Urease amapezekanso wambiri mu soya wosakazinga, ndipo zimenezi zili ndi ngozi yake imene ifotokozedwe m'gawo 8.

4. Mafuta ndi maasidi a mafuta

Mawu akuti mafuta amaphimba zinthu ziwiri zimene mlangizi ayenera kuzisiyanitsa.

Choyamba ndi maasidi a mafuta. Molekyu ya asidi wotere ili ngati chingwe cha maatomu a kaboni olumikizana, kawirikawiri 16 kapena 18. Maasidi ena ndi owongoka ngati muvi. Otere ndi palmitic, amene amasungunuka pa 63 °C, ndi stearic, amene amasungunuka pa 69 °C. Ena ali ndi mopindika ngati bondo. Oleic ali ndi bondo limodzi, linoleic awiri, ndipo linolenic atatu. Maondowa amalepheretsa mamolekyu kuyalana mothinana, ndiye chifukwa chake maasidi amenewa amakhala amadzimadzi ngakhale kusakutentha.

Chachiwiri ndi mafuta enieni ofinyidwa ku mbewu. M'mafuta ameneŵa maasidi sali okhaokha, koma amangidwa atatuatatu pa tsinde limodzi lotchedwa glycerol. Molekyu yake, yotchedwa triglyceride, ili ngati mtengo wa mphanda zitatu. Pafupifupi mafuta onse a m'botolo la mpendadzuwa, soya kapena thonje ali m'maonekedwe amenewa.

M'mbewu zitatu zonsezi, asidi wochuluka ndi linoleic, amene amakwana theka kapena kupitirira, kupatula mitundu ya mpendadzuwa imene inapangidwa mwadala kuti ikhale ndi oleic wambiri. Mafuta a thonje ali ndi palmitic woposa gawo limodzi mwa magawo asanu, pamene a soya ali ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Maasidi omasuka, osamangidwa pa glycerol, amapezeka ambiri m'zotsalira zonga sopo zimene mafakitale amachotsa poyenga mafuta, ndiponso m'mafuta a mbewu zimene zinasungidwa pachinyezi.

5. Timiyala ta mphako

Mu 1940 Friedrich Bengen wa ku Germany, akuyeza mkaka mothandizidwa ndi urea, anaona kuti mankhwala ena a molekyu yaitali otchedwa octanol apanga timiyala tatitali limodzi ndi ureayo. Iye ndi Wilhelm Schlenk anafalitsa zimene anapeza mu 1949, ndipo mu 1952 A. E. Smith anasonyeza mamangidwe a timiyalato pogwiritsa ntchito X-ray.

Chimene chimachitika ndi ichi. Urea akakhala yekha, mamolekyu ake amathinana popanda mpata. Koma akamauma pali molekyu yaitali yowongoka, amayalana mozungulira molekyuyo n'kupanga mphako zazitali za ngodya zisanu ndi imodzi, zoyandikana ngati zisa za njuchi. Urea amakhala mwininyumba, ndipo molekyu yaitaliyo imakhala mlendo wogona m'mphakomo. Awiriwa sasanduka mankhwala atsopano; aliyense amakhala mmene analili. Pa Chingerezi chinthuchi chimatchedwa urea inclusion complex. M'phunziro lino chikutchedwa timiyala ta mphako.

Mphako iliyonse ndi yotakata pafupifupi theka la nanomita, ndipo nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita. Kuchepa kumeneku ndiko kumasankha mlendo:

(a) Palmitic ndi stearic, pokhala owongoka, amalowa mosavuta ndipo timiyala tawo ndi tolimba.
(b) Oleic amalowa, koma sakhazikika ngati awiri oyambawo.
(c) Linoleic ndi linolenic amalowa movutikira, ndipo pakakhala maasidi owongoka iwo amatsalira kunja.
(d) Triglyceride, ndi mphanda zake zitatu, sakwana m'mphako.

Pamafunika mamolekyu a urea pafupifupi 14 kuti asunge molekyu imodzi ya stearic. Polemera, ndiye kuti magawo atatu a urea pa gawo limodzi la asidi. Timiyalati sitipangika mwa kungotakasa urea ndi mafuta ndi fosholo. Akatswiri amasungunula urea mu methanol kapena ethanol wotentha, nathiramo maasidi, n'kusiya kuti zizizire pang'onopang'ono kufikira timiyala tonga singano titatuluka.

Nzeru imeneyi ili ndi ntchito zenizeni m'mafakitale. Imagwiritsidwa ntchito polekanitsa maasidi owongoka ndi opindika, monga popanga mafuta a omega-3 ochokera ku nsomba. Inagwiritsidwanso ntchito pochotsa phula m'mafuta a pansi pa nthaka. Mu 1950 Hermann Schlenk ndi Ralph Holman anasonyeza kuti maasidi amene amaonongeka msanga ndi mpweya amasungika akakhala m'mphako za urea.

6. Kuyeza ndi kutentha

Ndi maso okha munthu sangasiyanitse urea wopakidwa mafuta ndi timiyala ta mphako togayidwa. Kutentha ndiko kumasiyanitsa. Chinthu chilichonse chikamasungunuka kapena kusintha mamangidwe ake chimameza kapena kutulutsa kutentha, ndipo chimatero pa madigiri akeake. Aliyense amene anaonapo madzi akuwira amadziwa kuti ngakhale asonkhezere moto, madziwo saonjezera kutentha koma amangosanduka nthunzi. Makina oyezera amatsata mfundo yomweyi.

Njira yofala ndi differential scanning calorimetry, mwachidule DSC, imene E. S. Watson ndi M. J. O'Neill a kampani ya Perkin-Elmer anatulukira mu 1962. M'makinamo mumaikidwa timbale tiwiri tating'ono. Kamodzi kamakhala kopanda kanthu, ndipo kenako kamakhala ndi mamiligalamu ochepa a chinthu choyezedwacho. Timbale tonse timatenthedwa mofanana, kawirikawiri madigiri 5 kapena 10 pa mphindi. Makina amalemba kusiyana kwa kutentha kumene kambale kalikonse kakufuna. Pamene palibe chikusintha, mzere wa pa pepala umayenda mowongoka. Chinthu chikayamba kusungunuka kapena kuphwasuka, mzerewo umapanga kaphiri. Malo a kaphiriko amasonyeza madigiri, ndipo kukula kwake kumasonyeza kuchuluka kwa chinthu chimene chasinthacho.

Njira inanso ndi thermogravimetry, mwachidule TGA. Pamenepa chinthu chimatenthedwa chili pa sikelo yaing'ono kwambiri, ndipo makina amalemba mmene kulemera kwake kukutsikira. Njirayi imasonyeza chinyezi chimene chinali m'kati, ndiponso madigiri amene amoniya amayambira kutuluka.

7. Kuwerenga zotsatira

Mlangizi sayembekezeka kuyendetsa makinawa, koma ayenera kumvetsa pepala lochokera ku labotale. Zotsatira zimagwa m'magulu anayi.

Gulu loyamba: urea yekha. Pamaoneka kaphiri kamodzi kosongoka pa 133 °C. Pa TGA kulemera sikusintha kufikira urea atasungunuka, ndipo kumatsika mofulumira akayamba kuphwanyika.

Gulu lachiwiri: urea wongosakanizidwa ndi asidi wouma. Pamaoneka timapiri tiwiri. Koyamba ndi ka asidi, pa 63 °C ngati ndi palmitic kapena pa 69 °C ngati ndi stearic. Kachiwiri ndi ka urea pa 133 °C. Aliyense akusungunuka payekha, kusonyeza kuti sanagwirane.

Gulu lachitatu: timiyala ta mphako enieni. Kaphiri ka asidi kamazimiririka, chifukwa mamolekyu ake atalikitsidwa m'mphako zosiyanasiyana ndipo sangasungunuke pamodzi ngati kale. M'malo mwake pamabwera kaphiri katsopano, kamene kwa palmitic ndi stearic kamakhala pakati pa 100 °C ndi 133 °C. Apa ndi pamene mphako zimagumuka, mlendo n'kutuluka, urea n'kubwerera m'mamangidwe ake akale. Molekyu ikakhala yaitali ndi yowongoka, kaphiri kameneka kamabwera pa madigiri okwera. Ikakhala yaifupi kapena yopindika, kamabwera msanga. Ngati kaphiri kakang'ono ka pa 63 °C kapena 69 °C kakuonekabe, ndiye kuti asidi wina anatsalira kunja.

Gulu lachinayi: urea wopakidwa mafuta a mbewu. Mzere umafanana ndi wa urea yekha. Kaphiri ka kugumuka kwa mphako sikaoneka, popeza mphako sizinapangike. Mafutawo angokhala pamwamba pa mibulu.

Kuonjezera apo, kaphiri kotambalala pansi pa 100 °C kamasonyeza chinyezi. Kaphiri ka urea kakatsika pansi pa 133 °C n'kutambalala, ndiye kuti muli zosafunika monga madzi kapena biuret. Pamene pali chikayiko, labotale imatsimikiza ndi X-ray.

Pali chinthu chimodzi chimene kuyeza kumeneku sikunena. DSC imayeza chinthu chouma. Timiyala timene timalimba kufikira madigiri oposa 100 tili touma timaphwasuka tikaikidwa m'madzi ofunda, chifukwa khoma la mphako ndi urea yemweyo, ndipo urea amasungunuka. Ndi mmene mafakitale amatulutsira maasidi m'timiyalato: amathira madzi otentha, urea n'kusungunuka, mafuta n'kuyandama. Chifu cha ng'ombe ndi chodzaza ndi madzi otentha pafupifupi 39 °C, ndipo nthaka ya m'dzinja ndi yonyowa. Mafuta otsalira pamwamba akhoza kuchedwetsa kulowa kwa madzi pang'ono, koma kuchedwako kuyenera kuyezedwa pakokha, m'madzi, m'nthaka kapena m'chiweto. Pepala la DSC lokha si umboni wakuti urea ndi wochedwa kapena wosaopsa.

8. Malangizo a ziweto

Tizilombo ta m'chifu timasandutsa amoniya kukhala mapuloteni, pokhapokha titapeza chakudya chopatsa mphamvu monga molasesi, madeya kapena mgaiwa, komanso sulfure pang'ono. Amoniya akachuluka kuposa mmene tizilomboto tingathere, amalowa m'magazi. Mlangizi aphunzitse alimi ndi abusa mfundo izi, kaya m'chakudyamo muli mafuta kaya mulibe:

(a) Urea asapitirire gawo limodzi pa 100 a chakudya chonse chouma cha tsiku, ndipo asapereke mapuloteni oposa gawo limodzi mwa magawo atatu. Ng'ombe yodya makilogalamu 10 isadye urea woposa magalamu 100, ndipo amenewo adyedwe pang'onopang'ono tsiku lonse.

(b) Ng'ombe yosazolowera ikhoza kudwala ikadya nthawi imodzi magalamu 0.3 mpaka 0.5 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Kwa ng'ombe ya makilogalamu 400, amenewo ndi magalamu 120 mpaka 200 basi.

(c) Ziweto zizolowetsedwe kwa masabata awiri kapena atatu. Ziyambe ndi mchere wokha kuti nkhuli ya mchere ithe. Zikadumpha masiku angapo osadya urea, ziyambirenso pa mlingo wochepa. Ng'ombe zanjala zisapatsidwe urea.

(d) Ana a ng'ombe amene sanayambe kubzikula bwino, abulu, nkhumba ndi nkhuku asapatsidwe urea.

(e) Chonyambita chikhale pansi pa denga, m'chodyera choboola pansi. Madzi a mvula odikha m'chodyera amasungunula urea, ndipo ng'ombe imene yamwa madziwo ili pangozi. Mvula yoyamba ya mu October ndi November ndiyo yofunika kuchenjera nayo.

(f) Urea asasakanizidwe ndi soya wosakazinga. Urease wa mu soyayo amayamba kutulutsa amoniya chakudyacho chikangonyowa. Kukazinga kapena kuphika soya kumathetsa mphamvu ya urease, ndipo mafakitale amayeza urease wotsala kuti adziwe ngati keke ya soya yapsa mokwanira.

(g) Mafuta onse m'chakudya asapitirire magawo pafupifupi 6 pa 100. Mafuta ochuluka, makamaka a linoleic wambiri, amafooketsa tizilombo togaya udzu. Mlimi woonjezera mafuta pofuna kuteteza ng'ombe amachepetsa phindu la udzu ndi mapesi, pamene ngozi ya urea ikadalipo.

(h) Poumba zibuma zonyambita, urea asapitirire magawo 10 pa 100, asungunulidwe kaye m'madzi pang'ono, ndipo atakasidwe kufikira pasapezeke mbulu. Zibuma ziumitsidwe ndi simenti kapena laimu. Urea asaphikidwe pamoto ndi molasesi, pakuti amoniya amathawa, ndipo shuga akatenthedwa pamodzi ndi amoniya amatha kupanga mankhwala osokoneza ubongo wa ng'ombe.

Zizindikiro za kuledzera ndi urea zimayamba pakati pa mphindi 20 ndi 60: kusakhazikika, kuchucha dovu, kunjenjemera, kudzandira, kutupa mimba, kenaka kugwa ndi kuphupha. Chakudyacho chichotsedwe nthawi yomweyo ndipo dokotala wa ziweto aitanidwe. Thandizo lodziwika ndi viniga wa patebulo, malita 2 mpaka 8 kwa ng'ombe yaikulu, pamodzi ndi madzi ozizira ambiri. Viniga amachepetsa kulowa kwa amoniya m'magazi, ndipo madzi ozizira amachedwetsa urease. Ng'ombe imene yagwa imwetsedwe ndi munthu wodziwa kugwiritsa ntchito chubu, kuopa kuti madzi angalowe m'mapapo. Pulazi iliyonse yogwiritsa ntchito urea isunge viniga pafupi ndi khola.

9. Malangizo a m'munda ndi mosungira

Urea womwazidwa pamwamba pa nthaka yonyowa, dzuwa likuwala ndi mphepo ikuomba, amataya nayitirojeni wambiri m'masiku ochepa oyamba. Kutayikaku kumakula pa nthaka ya mchenga, monga ya ku Marondera ndi Macheke, pa munda wothiridwa laimu chatsopano, ndi pamene urea wagwera pa mapesi ophimbira nthaka. Mankhwala ake ndi kukwirira. Feteleza aikidwe masentimita 5 mpaka 10 kuchokera pa phando n'kufotseredwa, kapena athiridwe pamene mvula kapena mthirira wa mamilimita 10 mpaka 15 ukutsatira. Pa mchenga ndi bwino kugawa feteleza kawiri. Kupaka mafuta ophikira kungachepetse fumbi ndi kugwirana kwa mibulu m'thumba, koma sikulowa m'malo mwa kukwirira.

Pali mitundu ya urea imene imachedwadi, koma iliyonse ili ndi njira yakeyake. Urea wokutidwa ndi sulfure anayambidwa ndi bungwe la Tennessee Valley Authority ku America m'zaka za m'ma 1960, ndipo amadalira chikhungwa chochinga madzi. Mankhwala a NBPT, amene anafika pa msika m'zaka za m'ma 1990, amafooketsa urease kwa masiku angapo. Dziko la India linalamula mu 2015 kuti urea yense wopangidwa m'dzikomo azipakidwa mafuta a nimu. Mafuta a nimu salowa m'mphako; mphamvu yake imachokera ku mankhwala owawa a mtengowo, amene amachedwetsa tizilombo ta m'nthaka tosandutsa amoniya kukhala nitrate. Mafuta a mpendadzuwa, soya ndi thonje sangalowe m'malo mwake. Urea wokonzedwa m'njira zimenezi ndi wa m'munda, ndipo asapatsidwe kwa ziweto.

Pa kasungidwe, mlangizi akumbukire manambala atatu. Pa 30 °C, urea amayamba kuyamwa madzi chinyezi cha mumpweya chikafika pakati pa magawo 70 ndi 75 pa 100. AN amayamba pa magawo 59. Koma awiriwa akasakanizika amayamba pa magawo 18 okha, ndiye kuti amasanduka phala pafupifupi nyengo iliyonse. Matumba a urea ndi a AN asanjidwe motalikirana, pa mathabwa, ndipo makina omwazira atsukidwe ndi kuumitsidwa posintha feteleza. Urea wosakanizidwa ndi single superphosphate nayenso amanata. Koposa zonse, AN asayandikizidwe mafuta a mtundu uliwonse, dizilo kapena oyilo, chifukwa kusakanizika kwake kumabweretsa ngozi ya moto ndi kuphulika.

Alimi a malalanje, monga a m'chigwa cha Mazowe, amene amapopera urea pa masamba, afunse urea wa biuret wochepa. Biuret amapangika urea akatenthedwa kwambiri ku fakitale, ndipo amachititsa nsonga za masamba a malalanje kuchita chikasu.

10. Mafunso ofunsa pa feteleza kapena chakudya chatsopano

Mlimi akabweretsa chinthu chonenedwa kuti ndi urea wa mafuta, mlangizi asanavomereze afufuze izi:

(a) Kodi chinalembetsedwa ku boma monga feteleza kapena monga chakudya cha ziweto, ndipo nambala yake ili pa thumba?
(b) Kodi muli nayitirojeni wochuluka bwanji? Timiyala ta mphako enieni, pokhala kuti gawo limodzi mwa magawo anayi ndi mafuta, tingakhale ndi nayitirojeni wokwana magawo pafupifupi 35 pa 100. Chinthu cholembedwa 45 kapena 46 ndi urea wopakidwa chabe.
(c) Kodi mafutawo ndi maasidi omasuka kapena ndi mafuta a mbewu?
(d) Kodi pali pepala la labotale losonyeza kaphiri ka kugumuka kwa mphako?
(e) Kodi pali zotsatira za mayeso a m'munda kapena a ziweto, oyerekeza chinthucho ndi urea wamba pa mlingo wofanana wa nayitirojeni?
(f) Kodi kilogalamu imodzi ya nayitirojeni ikugwa pa mtengo wanji poyerekeza ndi urea wamba ndi AN?

Pali kuyesa kosavuta kumene mlangizi angachite pamaso pa alimi. Atenge matambula awiri a madzi ofunda, athire supuni ya urea wamba m'imodzi ndi supuni ya urea wa mafutayo m'inzake, natakase mofanana. Ngati zonse zasungunuka m'nthawi yofanana, mafuta n'kuyandama pamwamba, alimi adzionera okha kuti mafutawo sakuchedwetsa kanthu. Madziwo atayidwe kutali ndi ziweto.

11. Zofunika kukumbukira

Urea amapanga timiyala ta mphako ndi maasidi owongoka monga palmitic ndi stearic, koma osati ndi mafuta ofinyidwa ku mbewu. Kuyeza ndi kutentha kumasonyeza ngati mphako zilipo: kaphiri ka asidi kamazimiririka ndipo katsopano kamabwera urea asanasungunuke pa 133 °C. Kuyezako kumanena za chinthu chouma chabe, pakuti madzi amagumula mphako. Choncho mlangizi alangize mlimi aliyense kuti urea wa mafuta amusamale ngati urea wamba: amuyeze pa sikelo, azolowetse ziweto, atchinge chonyambita ku mvula, apewe soya wosakazinga, akwirire feteleza m'munda, ndipo asunge urea kutali ndi AN.